Masensa Anga ndi Khoma la Apongozi

Ine sindidziwa kuyendetsa galimoto. Ndiyambe ndi zimenezo kuti amene akufuna kuseka asekeretu. Kuchokera kwathu kuno ku Domasi kupita pa kashopu kanga kufupi ndi Malosa, pamene ndimakonza mafoni ndi makompyuta, ndimapalasa njinga, ndipo minibasi ikandiimbira hutala ndimapatukira m'udzu ngati wina aliyense. Komabe panali nyengo ina imene ndinali ndi galimoto ya mpikisano pabalaza.

Ndati kwathu, koma lilime langoterereka. Kwathu ndi ku Chiradzulu, kuno ndine mkamwini. Nyumba imene timagona anamanga ndi malemu apongozi anga aamuna, ya njerwa zootcha, pulasitala wosalala, laimu woyera mpaka m'makona. Iwo atamwalira, apongozi aakazi anasamukira m'kanyumba ka kuseri n'kutisiyira yaikuluyo ine ndi mkazi wanga, yemwe ndi mwana wawo wamkazi yekhayo. Ana athu anabadwira momwemo, akula, ali kusukulu zogonera komweko. M'zaka zonsezo ine sindinakhomepo msomali ngakhale umodzi pakhoma la nyumba imeneyo. Palibe anandiletsa. Ndinadziletsa ndekha, pokumbukira zimene amalume anandinong'oneza tsiku la chinkhoswe, zoti mkamwini asamakule mwendo. Jekete ndinkakoleka pa msomali wa malemu, kalendala pa msomali wa malemu, ndipo chithunzi cha ukwati wathu chinkangotsamira khoma pamwamba pa kabati. Khalidwe limeneli ndinkalinyadira kwambiri. Mumtima ndinkati m'dera lonse la Malemia mkamwini waulemu kuposa ine sanabadwe.

Ndi apongozi aakazi tinkalemekezana mwachikale. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo mwambo anaugwira ndi manja awiri. Sitinkayang'anana m'maso, sitinkakhala m'chipinda chimodzi. Moni tinkapatsana chapatali, ine nditanjuta, iwo atayang'ana kumbali, ndipo tikakumana panjira ya kudimba wina ankapatuka. Nkhani iliyonse inkadzera mwa mkazi wanga. Kuti ndipemphe chilolezo chokhoma msomali pakanafunika nthumwi, ndipo ine ndinkaona kuti bambo wa ndevu kutuma mkazi wake pa nkhani ya msomali n'zochititsa manyazi.

Mavuto anabwera pa basi ya ku Joni. Mphwanga amagwira ntchito kumeneko, pa malo ena amene anthu amapitako kukasewera masewera a pakompyuta. Abwana ake atabweretsa zipangizo zatsopano anamupatsa zakale, iye n'kuzitumiza kwa ine, poti kubanja kwathu wodziwa mawaya ndine. M'katonimo munali kompyuta yolemera, chiwongolero, mapedulo, ndi chimagalasi chovala kumaso chimene iye amachitcha hedseti. Ukachivala, nyumba yonse imazimiririka n'kupezeka uli m'galimoto ya mpikisano. Ukatembenuka umaona zenera la galimotoyo, ukawerama umaona miyendo ya munthu wina wovala bwino kukuposa. Munalinso timabokosi tiwiri takuda totchedwa masensa, tothandiza kompyuta kudziwa pamene mutu wako uli. Chomaliza kanali kachipangizo kooneka ngati chitumbuwa, kamene ndinakaponya m'dirowa poganiza kuti kangolowamo molakwika.

Munthu wanzeru akanakhala pa sofa n'kumasewera mwakachetechete. Ine ndinaona pa foni kuti anthu ena amamanga mpando woyenda, umene umapendekeka galimoto ikamakhota ndi kugwadira kutsogolo ukaponda buleki. Mtima unakana kugona. Ndinapeza mpando wa minibasi yakufa, mamota awiri a waipa ya lole ndi zitsulo za bedi lakale, ndipo wowotcherera wa pamsika anandilumikizira zonsezo akundiyang'ana mwachifundo. Chinthucho chitatha chinkalira ngati kachigayo, koma chinkapendekeka ndithu. Ndinachikankhira pakona ya pabalaza, pakati pa sofa ndi kabati ya magalasi.

Kenako ndinaimbira mphwanga kumufunsa za masensa aja.

"Zosavuta, achimwene," iye anatero. "Khomani pakhoma, m'mwamba ndithu, ina kona iyi, ina kona inayo, onse aziyang'ana pansi pamene pali mpando. Gulani misomali ya konkire basi."

"Pakhoma sizitheka."

"Bwanji? Khomalo ndi la dothi?"

"Ndi la apongozi."

Anaseka mpaka netiweki inaduka. Itabwerera anangowonjezera kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinamukumbutsa kuti wamkulu ndine, komanso kuti iye sanakwatire, za chikamwini sadziwapo kanthu.

Nzeru yanga yoyamba inali yokongola, mpaka lero ndimaimvera chisoni. Ndinati galasi loonera kumbuyo limayenda ndi galimoto, ndiye masensa nawo ayende ndi mpando. Ndinabwerera kwa wowotcherera uja, anandiikira mapaipi awiri oimirira kutsogolo kwa mpando ngati nyanga, ine n'kumangirira masensa pamwamba pake. Ndinavala hedseti, ndinaponda moto, ndipo msewu unayamba kunjenjemera. Mamota akalira, mapaipi ankanthunthumira, masensa nawo chimodzimodzi. Choipa china ndinachimva pambuyo pake. M'kati mwa hedseti muli kachipangizo kake komva kupendekeka. Iko kankauza kompyuta kuti mutu wapendekeka, pamene masensa, poti apendekekera limodzi ndi ine, ankalumbira kuti munthuyu sanasunthe. Kompyuta inasowa mboni yoikhulupirira, inayamba kuponya galimoto uku ndi uku. Ndisanamalize n'komwe kuzungulira bwalo, ndinali nditagwada pa beseni.

Mkazi wanga anandibweretsera madzi otsukira m'kamwa. "Anthu amasanza mu minibasi ya ku Liwonde," anatero, "koma akatsika amakhala afika. Inu mwafika kuti, bambo?"

Nzeru yachiwiri inali yaulemu kwambiri. Ndinachotsa kalendala ndi jekete n'kukoleka masensa pa misomali ya malemu. Apa ndinazindikira chinthu chimene ndinali nditaiwala, choti malemuwo anali aafupi. Misomali yawo inkandilekeza pachifuwa. Sensa imodzi inkatchingidwa ndi msana wa mpando, inayo inali kuseri kwa chitseko. Munthu akangodutsa ndi lichero, dziko lonse m'maso mwanga linkasanduka lotuwa, galimoto n'kukagunda mpanda ine ndisakuona. Loweruka lina zinakaniratu kuyambira m'mawa. Ndinazula mawaya onse, ndinatsegula kompyuta, ndinaiuzira fumbi, ndinatukwana a ku Joni ndi katundu wawo wotha ntchito. Dzuwa litapendeka ndinakweza maso n'kuona kuti sensa iliyonse yavekedwa kansalu koluka ka maluwa ofiira. Mkazi wanga amaphimba wailesi, amaphimba TV, amaphimba ngakhale fulasiki. Anaona tinthu tiwiri tamagetsi tili maliseche pafumbi, n'kutichitira chifundo.

Kachitatu ndinakwera m'mwamba. Ndinati denga si khoma, ndipo malegeni si msomali, choncho palibe mwambo umene ndikuphwanya. Ndinamangirira masensa ku mapaso ndi malegeniwo. M'mawa zinkayenda bwino, koma masana malata akatentha n'kuyamba kuthetheka, kapena mphepo ikatsika kuphiri, msewu unkasendera pang'onopang'ono kumbali. Akhwangwala akatera padenga, ndinkawadziwira m'galimoto. Apa panabukanso vuto lina. Mpando ukapendekeka, kompyuta inkaganiza kuti ndasuntha mutu dala, ndiye pa kona iliyonse mutu wanga unkatulukira pachitseko cha galimoto n'kumaona matayala. Ndikaponda buleki ndinkalowa m'chiwongolero mpaka m'khosi.

Ndinadzichepetsa n'kuimbiranso mphwanga.

"Kachitumbuwa kaja mwakaika pati?" anafunsa.

"Kali pabwino," ndinatero, ndikutsegula dirowa mwakachetechete.

"Kamangeni ku mpando, kuseri kwa mutu wanu, muikepo kamphira pansi kuti kasamanjenjemere. Kameneko ndi kamene kamauza kompyuta kuti wayenda ndi mpando, osati mutu. Nkhani yonse ndi imeneyo, achimwene. Kamodziko kaziyenda nanu, koma awiri aja asasunthe ngakhale pang'ono. Apezereni chinthu chosagwedezeka."

Kachitumbuwako nditakamanga, mutu wanga unasiya kutulukira pachitseko. Koma chinthu chosagwedezeka ndinachisowa. Ndinazungulira nyumba yonse ndikugwedeza zinthu ngati wogula mbuzi, ndipo chilichonse chimene ndinabwera nacho ine pamudzipo chinkagwedezeka. Chosagwedezeka chinali khoma lokha.

Madzulo ake tikudya, mkazi wanga anandifunsa modekha. "Koma bambo, bwanji osangokhoma?"

"Khoma si langa, mayi," ndinayankha. "Munthu uyenera kudziwa malire ako."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, anasamba m'manja asanakhute, n'kupita kukhitchini. Ine ndinamasulira kuti mawu anga amukhudza, wasowa chonena poona kuti anakwatiwa ndi munthu wamakhalidwe. Ndinamaliza ndiwo zake ndi mtima woyera.

Nzeru yomaliza inandibwerera ndili pa njinga. Ndinadula nsungwi ziwiri zazitali, zouma bwino, ndinadzaza ndowa ziwiri ndi mchenga wa kumtsinje n'kuzika nsungwizo m'menemo. Zinaima nji, kutalika kupitirira mutu wanga, popanda kukhudza khoma la munthu. Koma kuti ziime m'makona oyang'anana, masofa anayenera kuchoka. Kabati nayo inayenera kuchoka, chifukwa mphwanga anali atandichenjeza kuti magalasi amanyezimira n'kusokoneza masensa. Linali Loweruka masana, magetsi alipo, mkazi wanga ali kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, apongozi ali ku munda wa mpunga. Ndinavula shati n'kuyamba kukoka. Masofa ndinawandandalika pansi pa mtengo wa mango, tebulo lalikulu pambali pake, kabati pakhonde. Pabalaza panangotsala mpando wanga pakati ndi katebulo ka kompyuta, ndipo poopa kukala simenti ya malemu ndinayala mikeka pansi ponse.

Mwana aliyense wa m'chigwa chino amadziwa tanthauzo la nyumba imene katundu wa pabalaza watulutsidwa panja, m'kati n'kuyalamo mikeka. Ine ndakhala pa maliro osawerengeka, masofa a anthu ndanyamulapo ndi manja angawa. Koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali masensa okhaokha.

Ndinavala hedseti, ndinatseka makutu ndi zomvera, ndinaponda moto. Ndinene zoona, zinatheka. Msewu unagona phee, galimoto inandimvera, mpando unkapendekeka pa nthawi yake, ndipo kwa kanthawi ndinamva chimene madalaivala amamva. Ndinasangalala ngati mwana. Ndinapitirira galimoto yofiira, ndinapitirira yachikasu, ndikukuwa ndekha ndi kuwauza anzangawo kuti abwerere kusukulu. Kutsogolo kunatsala imodzi yokha. Ndili pafupi kuidutsa, dziko linatuwa. Wina anali ataima kutsogolo kwa sensa.

Ndinaganiza kuti mkazi wanga wabwerako. "Chokani pamenepo inu, mukunditchinga," ndinakalipa. "Nthawi zonse mumadikira ndifike pabwino."

Masewera anaima, injini inazima m'makutu, ndipo ndinayamba kumva za dziko lenileni. Panja panali mawu a amayi ambiri, ndipo mmodzi anali atayamba kale kulira mokweza. Pafupi nane penipeni wina ankapuma mwawefuwefu, akununkha matope a kumunda.

"Mwana wanga ali kuti?"

Anali apongozi. Ndinamva pambuyo pake kuti pobwera kumunda anaonera patali masofa ali pansi pa mango, amayi oyandikana nawo atayamba kusonkhana, ndipo anataya khasu panjira n'kuthamanga. Mwambo anauiwala, analowa pabalaza mpaka kufika poti akanatha kundigwira phewa.

Mpando unali utaima chopendekeka, ine ndili pamenepo wopanda shati, manja ali pa chiwongolero. Ndinakweza dzanja kuti ndivule hedseti, koma ndinazindikira kuti ndikavula tiyang'anana m'maso, pafupi chonchi, koyamba chikwatirire. Ndinabweza dzanja. Ndinaona kuti ulemu wokhawo umene wanditsalira ndi kukhala wosaona.

"Ali kutchalitchi, amayi," ndinatero. "Ali bwinobwino. Palibe chachitika."

Ndinamva akupuma mpweya wautali. Anapita pakhomo n'kulankhula ndi a panja aja ndi mawu otopa. "Pepani, bwererani. Kulibe maliro. Ndi bambo a panyumba pano akusewera." Kulira kunasiya pakati, ndipo kunatsatira kachete wina amene sindidzamuiwala. Ndikanakonda akananditukwana.

Ndinkayembekeza kuti apita, koma ndinamva mkeka ukulira. Anakhala pansi. Mwina nawonso anaona kuti munthu wophimbidwa kumaso sawerengedwa kuti ali m'chipinda.

"Nsungwizi n'zachiyani m'nyumba?" anafunsa.

Ndinafotokoza mmene ndikanathera, nditayang'ana kumene ndinkaganiza kuti kuli khomo. Ndinati timabokosi takudato timafuna kukhala m'mwamba, pa chinthu chosagwedezeka.

"Nanga khomali lalakwa chiyani?"

"Ndimaopa kuwononga ntchito ya malemu, amayi. Ine ndine wobwera."

Apongozi analankhula pang'onopang'ono, ngati akudziuza okha. "Amene anamanga khomali analinso obwera. Tsiku limene tinalowa muno, laimu asanaume n'komwe, anakhoma msomali n'kukolekapo chipewa chawo. Amayi anga ataona anati, basi, awa akhala. Inu apongozi, chaka ndi chaka mukapita kuntchito ndimabwera kudzasuzumira pazenera. Khoma lili mbee ngati mmene analisiyira eni ake. Ndimati bambo awa ali paulendo, akungodikira ana akule. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mwana wanga amabwera kuseri kuja kudzandifunsa ngati munanenapo kanthu, ine ndilibe chomuyankha. Lero nditaona katundu panja ndinati kaya ndi maliro, kaya ndi tsiku lija lafika. Ndimathamanga osadziwa kuti ndikalira chiti."

Manyazi amene ndinali nawo chifukwa cha masofa anachepa, panabwera ena aakulu. Zaka zonsezo ndinkadziyesa mkamwini wachitsanzo, osadziwa kuti ndikuopseza akazi awiri tsiku ndi tsiku, mmodzi wa iwo ndikugona naye chipinda chimodzi. Ndinamva chisoni chenicheni, ndipo ndinalira. Kulira m'kati mwa hedseti n'kovuta, misozi ilibe kolowera, magalasi amangochita nthunzi. Ndinafuna kunena kuti sindinaganizepo zochoka ngakhale tsiku limodzi, koma pakamwa panangotuluka kuti, "Pepani, amayi."

Ndinamva akudzuka, mapazi akutuluka, kenako patapita kanthawi akubwereranso. Chinthu cholemera, chozizira, chinaikidwa pamiyendo panga. Nditachipapasa ndinapeza kuti ndi hamala ya malemu, ndi kapepala kokulungamo misomali. Mapazi aja anatulukanso n'kukaima pakhonde.

Ndinavula hedseti. Apongozi anali atafulatira, akuyang'ana kuphiri. Ndinakokera katebulo pakona, ndinatsitsa kompyuta, ndinakwera. Ndinasankha malo m'mwamba, pamene mphwanga ananena kalekale, ndinaika msomali, ndinatchula dzina la Mulungu chamumtima. Ndinali ndikudziona kale mmene ndikhomere, kawiri katatu mwaulemu, ngati mwini nyumba wozolowera. Koyamba ndinamenya chala changa. Kachiwiri msomali unathawa n'kukagwera m'ndowa. Kachitatu ndinasonkhanitsa mphamvu za zaka zonse zija, ndipo chibenthu cha pulasitala chachikulu ngati mbale chinasomphoka n'kuphwanyika pa mkeka, njerwa yofiira n'kuonekera.

Ndinangoti kakasi, hamala ili m'manja, katebulo kakunjenjemera pansi pa mapazi anga. Nditacheuka ndinaona mkazi wanga ali pakhomo, bulauzi yoyera ili chinyowere ndi thukuta, nsapato zili m'manja. Uthenga wa maliro unali utamupeza kutchalitchi. Anayang'ana mikeka, anayang'ana nsungwi, anayang'ana ine, kenako maso ake anakhazikika pa bala la pakhoma lija.

"Chagwa n'chiyani m'menemo?" apongozi anafunsa ali pakhonde, osacheuka.

"Pulasitala, amayi," mkazi wanga anayankha. "Akhoma msomali."

"Uwauze amate okha. Nyumba yawo ndiwamatire ine?"

Mkazi wanga uthengawo sanaupereke. Anaika nsapato pansi, anatola msomali wina pa kapepala paja n'kundipatsa, kenako anagwira katebulo ndi manja awiri kuti ndikhomenso.